Mabanja a Majini mwa Ntchentche za Zipatso: Chifukwa Chake Nyambo Imodzi Siikola Zonse

Mawu oyamba

Mzinda wa Springs uli pa mtunda wa makilomita pafupifupi 50 kum'mawa kwa Johannesburg, m'dera la Ekurhuleni, limene akale ankalidziwa ndi dzina lakuti East Rand. Makolo athu ambiri ochokera ku Malawi, ku Mozambique ndi ku Zambia anafikako kalelo kukagwira ntchito m'migodi ya golide. Ife a zaulimi tili ndi chifukwa china choyang'anira kumeneko. Ku Springs kuli msika waukulu wa zipatso ndi ndiwo zamasamba umene uli m'manja mwa khonsolo ya Ekurhuleni, ndipo m'misika yotere ya m'chigawo cha Gauteng ndimo mumakumana mango a ku Tzaneen, malalanje a ku Mpumalanga, mapichesi a ku Western Cape ndi nthochi za ku Mozambique. Pamene zipatso zakumana, tizilombo ta zipatsozo timakumananso.

Springs ndi malo okwera, opitirira mamita 1,600, ndipo m'miyezi ya Juni ndi Julaye kumagwa chisanu. Ngakhale zili choncho, nyengo ya dzinja mapichesi a pakhomo amagwa mphutsi monga amachitira mango a ku Salima kapena a ku Cuamba. Mwini mtengo akanyema chipatso n'kuona mphutsi amati ndi ntchentche, ndipo salakwa. Koma mlangizi amene angatenge msampha wa nyambo ya methyl eugenol, umene ku Salima umadzaza m'masiku ochepa, n'kuupachika mu mtengo wa mapichesi ku Springs, akhoza kuupeza wopanda kanthu pamene zipatso zili kuwola pansi pake. Msamphawo suli wolakwika. Ntchentche imene yaboola mapichesiwo ndi ya mtundu wina, ndipo mphuno yake siimva fungo limenelo.

M'phunziro lino tiona chimene chimasiyanitsa mphuno za ntchentche zapachibale. Yankho lake lili m'mabanja a majini, ndi m'mene mabanjawo amakulira, kusinthira ndi kuchepera pa mibadwo yambiri. Tikamvetsa zimenezi tidziwa chifukwa chake nyambo zimasankha, ndiponso chifukwa chake mankhwala amene ankapha dzana akulephera lero.

1. Mafuko awiri a ntchentche

Dzina lakuti ntchentche za zipatso limatchula mafuko awiri osiyana. Fuko loyamba ndi la Tephritidae, limene lili ndi mitundu yoposa 4,000 padziko lonse. Izi ndi zija za mapiko a mawangamawanga. Yaikazi imaboola chipatso chili mu mtengo n'kuikiramo mazira. Mphutsi zikakhuta zimagwera pansi, n'kulowa m'dothi, ndipo pakapita masiku khumi kapena kuposerapo zimatuluka zili ntchentche. Adani athu a m'munda, monga Ceratitis, Bactrocera ndi Dacus, ali m'fuko limeneli.

Fuko lachiwiri ndi la Drosophilidae, tintchentche tating'ono ta maso ofiira timene timazungulira nthochi zofewa, masese ndi zinyalala za pamsika. Tambiri mwa timeneti sitiboola chipatso chabwino; timadikira chiwole. Komabe kamodzi mwa ito, Drosophila melanogaster, ndiko kaphunzitsa anthu zambiri za chibadwa kuposa kachilombo kena kalikonse, kuyambira m'chaka cha 1910 pamene Thomas Hunt Morgan anapeza yaimuna ya maso oyera ku Columbia University mu mzinda wa New York. M'chaka cha 2000 akatswiri anawerenga DNA yake yonse, ndipo lero tikudziwa kuti ili ndi majini opanga mapuloteni pafupifupi 14,000.

Kantchentche kameneka kwawo ndi kuno. Kafukufuku wasonyeza kuti kanachokera m'nkhalango za kumwera chapakati kwa Africa, kasanatsate anthu kupita maiko onse. N'chifukwa chake akatswiri atafuna chitsanzo cha ntchentche za kumene mtunduwu unachokera, anakatola ku Siavonga, m'mbali mwa nyanja ya Kariba ku Zambia, ndipo m'chaka cha 2015 anafalitsa DNA ya ntchentche 197 za kumeneko.

Mafuko awiriwa anapatukana zaka mamiliyoni makumi angapo zapitazo. Koma chibale ndi fupa sichiwola: mabanja a majini amene ali mwa Drosophila alimonso mwa Ceratitis, kotero zimene taphunzira kwa wina zimatiunikira za mnzake.

2. Jini ndi chiyani, nanga banja la majini?

Liwu lakuti jini pano silikunena za mizimu ayi. M'selo iliyonse ya chamoyo muli chingwe chachitali chotchedwa DNA, chimene chasunga malangizo onse a kapangidwe ka thupi. Jini ndi kachigawo ka chingwecho kamene kamalangiza selo kupanga puloteni imodzi ya ntchito yakeyake: ina yogaya chakudya, ina yomanga khungu, ina yolandira fungo. Mwana amalandira majini kwa makolo ake, ndipo ndi m'menemo muli chibadwa.

Malangizowa amakoperedwa nthawi iliyonse pamene mazira ndi mbewu ya yaimuna zikupangidwa. Monga mlembi wa mfumu pokopera kaundula wa mudzi akhoza kulemba mzere umodzi kawiri, selo nayonso nthawi zina imakopera jini limodzi kawiri. Mwana wobadwayo amakhala ndi majini awiri ofanana pamalo pamene kholo linali ndi limodzi. Calvin Bridges anaona zimenezi ndi maikulosikopu m'chaka cha 1936, mwa Drosophila ya maso opyapyala, ndipo m'chaka cha 1970 Susumu Ohno analemba buku lofotokoza kuti kubwereza kotereku ndiko gwero lalikulu la majini atsopano.

Kuti timvetse, tiganizire za banja la pamudzi. Banja lokhala ndi mwana mmodzi silingamulole kusiya munda, pakuti akachoka pakhomo pagwa njala. Koma ana akakhala awiri, wina amasunga munda pamene mnzake ali ndi ufulu woyesa zina. Chimodzimodzi jini likakhala lokha silingasinthe kwambiri popanda kuvulaza mwini wake, koma likabwerezedwa, lachiwirilo lili ndi njira zinayi:

1. Likhoza kupitiriza ntchito yomweyo, motero thupi limapanga puloteni yochuluka kuposa kale.
2. Likhoza kugawana ntchito ndi mbale wake, lina kugwira m'tinyanga, lina m'kamwa kapena m'matumbo.
3. Likhoza kusintha pang'onopang'ono mpaka kuyamba ntchito yatsopano, monga kumva fungo limene kholo silinkamva.
4. Likhoza kuwonongeka n'kukhala bwinja, looneka ngati jini koma losagwira ntchito. Njira imeneyi ndiyo imachitika kawirikawiri.

Zimenezi zikachitika mobwerezabwereza kwa zaka mamiliyoni ambiri, jini limodzi limabala mbumba. Mbumba imeneyi ndiyo banja la majini: majini ambiri ofanana chifukwa anachokera kwa kholo limodzi. Masatoshi Nei ndi anzake anautcha mchitidwe umenewu kubadwa ndi kufa kwa majini.

3. Umboni wochokera ku mitundu 12

M'chaka cha 2007 gulu lalikulu la akatswiri linafalitsa DNA yonse ya mitundu 12 ya Drosophila, kuti iikidwe pamodzi ndi kuyerekezedwa. Isanu mwa mitunduyi, melanogaster, simulans, sechellia, yakuba ndi erecta, ndi ya ku Africa kuno ndi zilumba zake. Matthew Hahn wa ku Indiana University ndi anzake anawerenga mabanja a majini m'mitundu yonseyi, ndipo anapeza kuti mabanja oposa 40 pa 100 alionse sali ofanana kukula: mtundu wina uli ndi majini ambiri m'banjalo, wina ochepa. Anawerengeranso kuti majini obwerezedwa pafupifupi 17 amakhazikika mu mtundu pa zaka miliyoni iliyonse. Chiwerengerochi chikuoneka chochepa, koma tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha.

Banja limene likutikhudza kwambiri ife ndi la majini olandira fungo, lotchedwa Or, limene linadziwika m'chaka cha 1999. Ntchentche imanunkhiza ndi tinyanga take tiwiri, ndipo pa tinyangapo pali tiubweya tambirimbiri tokhala ndi mitsempha. Mtsempha uliwonse umagwiritsa ntchito jini la Or limodzi kapena awiri, ndipo umadzuka ukakhudzidwa ndi fungo loyenerana ndi jinilo, monga loko amatseguka ndi kiyi wake yekha. Drosophila melanogaster ili ndi majini a Or okwana 60. Fungo limene lilibe cholandirira chake, kwa ntchentcheyo kulibe.

M'banjali muli jini limodzi losiyana ndi anzake, lotchedwa Orco. Ili silisankha fungo, koma ndi lothandizira ena onse, ndipo likawonongeka banja lonse limaleka kugwira ntchito. Chifukwa cha udindo umenewu Orco lasintha pang'ono chabe, ndipo limapezeka mwa ntchentche, udzudzu, njuchi ndi agulugufe. Ameneyu ndiye mwana wosunga munda uja. Abale ake ndiwo amayendayenda, monga tionere m'zitsanzo zitatu izi.

*Ntchentche ya ku Seychelles.* Drosophila sechellia inapatukana ndi mbale wake simulans zaka zosakwana theka la miliyoni zapitazo. Simulans imadya zipatso zowola za mitundumitundu, koma sechellia imadalira chipatso chimodzi chotchedwa noni, chimene chili ndi asidi wopha ntchentche zina. M'chaka cha 2007 Carolyn McBride anasonyeza kuti sechellia yakhala ikutaya majini a fungo ndi a kulawa mofulumira pafupifupi kakhumi kuposa simulans. Wodya chakudya chimodzi safunikira mphuno ya zakudya zonse. Pamene majini ena anali kufa, jini la Or22a linasintha n'kuyamba kumva bwino fungo la noni, ndipo mitsempha yoligwiritsa ntchito inachuluka. Zofanana ndi zimenezi zinachitika mwa erecta ya ku West Africa, imene imadalira zipatso za mtengo wa Pandanus.

*Ntchentche ya mfula.* M'chaka cha 2018 akatswiri a ku Lund University ya ku Sweden, motsogozedwa ndi Marcus Stensmyr, anafalitsa zimene anapeza m'nkhalango ya Matobo ku Zimbabwe. Kumeneko melanogaster yakutchire imakonda chipatso cha mfula koposa china chilichonse, ndipo mitsempha imene imamva fungo la mfula ndi yomwe ija ya Or22a. Jinili lili ndi mbale wake pambali pake penipeni, Or22b, amene anabadwa mwa kubwereza kuja, ndipo mwa ntchentche zina awiriwa analumikizana n'kukhala jini limodzi. Akatswiriwo akuganiza kuti kantchentcheka kanazolowera kukhala ndi anthu pamene a mtundu wa San ankasunga mfula m'mapanga a kumeneko. Tsono taonani: jini limodzimodzi, mwa mbale wina likutsata noni, mwa wina mfula.

*Ntchentche yosintha khalidwe.* Drosophila suzukii ya ku Asia inasiya mwambo wa fuko lake. Yaikazi ili ndi choikira mazira cha mano ngati sowo, ndipo imaboola zipatso zofewa zisanathyoledwe, monga sitiroberi, mabulosi ndi matcheri. Inafika ku California ndi ku Ulaya m'chaka cha 2008, inapezeka ku Kenya mu 2019, ndipo kumapeto kwa 2023 inapezeka ku South Africa. Poyerekeza DNA yake ndi ya abale ake, akatswiri anapeza kuti nthambi za Or23a ndi Or67a zachuluka, pamene majini ena anafa. Izi zikutichenjeza kuti tisanene kuti tintchentche ta maso ofiira tonse n'topanda vuto m'munda.

4. Ntchentche za m'minda yathu

Tibwerere tsopano ku fuko la Tephritidae. DNA yonse ya Ceratitis capitata, imene imatchedwa ya ku Mediterranean ngakhale kwawo kwenikweni ndi ku Africa, inafalitsidwa m'chaka cha 2016. Inapezeka ndi majini a Or oposa 70, kuposa melanogaster, ndipo nthambi zina za banjali zinachuluka mwa iyo mosiyana ndi mwa Drosophila. Izi n'zoyenerana ndi khalidwe lake, pakuti imaikira mazira m'zipatso za mitundu yoposa 200.

Mtundu uliwonse uli ndi kaundula wakewake wa zolandirira fungo, ndipo nyambo zathu za ntchentche zazimuna zimadalira kaundula ameneyu. Nazi zimene zatsimikizika m'minda:

- Methyl eugenol imakoka zazimuna za Bactrocera dorsalis, mdani wamkulu wa mango m'madera otentha. Siikoka Ceratitis capitata, rosa, quilicii kapena cosyra.
- Trimedlure imakoka zazimuna za Ceratitis capitata, Ceratitis rosa ndi Ceratitis quilicii.
- Terpinyl acetate imakoka Ceratitis cosyra, ntchentche ya mfula ndi mango, imene siibwera kwenikweni ku trimedlure.
- Cuelure imakoka Zeugodacus cucurbitae ndi Dacus bivittatus, adani a maungu, nkhaka ndi mavwende. Koma Dacus ciliatus, mbale wawo wodya mbewu zomwezo, siimva cuelure kapena methyl eugenol.

Yaimuna ya dorsalis imafunafuna methyl eugenol chifukwa ikamwa imaisandutsa fungo lokopera zazikazi. Chilakolako chimenechi n'champhamvu kwambiri, kotero kuti popha zazimuna ndi nyamboyi anthu anaithetsa ntchentcheyi pa chilumba cha Rota m'zaka za m'ma 1960, ndi m'zilumba za kumwera kwa Japan pofika 1986. Akatswiri a ku China atawononga jini la Orco mwa dorsalis, zazimuna zinaleka kutsata nyamboyi, umboni wakuti chikoka chake chimadzera m'banja la Or.

Nyambo ya puloteni ndi yosiyana. Iyo imakoka mitundu yonse, makamaka zazikazi, chifukwa yaikazi iliyonse imafuna puloteni kuti mazira akhwime. Puloteni ikamawola imatulutsa fungo la amoniya, ndipo mwa Drosophila fungo lotere limalandiridwanso ndi banja lina la majini, lotchedwa Ir, limene linadziwika mu 2009. Majini a Ir a pa tinyanga ndi akale kwambiri ndipo amafanana m'tizilombo tambiri. Motero nyambo ya zazimuna ndi kiyi wa khomo limodzi, pamene nyambo ya puloteni imagogoda pa khomo limene nyumba zonse zili nalo.

Kuwerenga majini kwasinthanso maina amene tinkawadziwa. Ntchentche yachilendo imene inaoneka ku gombe la Kenya mu 2003 inapatsidwa dzina lakuti Bactrocera invadens mu 2005. Inafika ku Cuamba m'chigawo cha Niassa mu 2007, ndipo mu 2008 dziko la South Africa linatseka kwa kanthawi msika wake kwa zipatso za ku Mozambique. Mu 2010 inapezeka kumpoto kwa Limpopo, ndipo mu 2013 boma linalengeza kuti yakhazikika m'boma la Vhembe. Kuchokera apo yafalikira ku Mpumalanga ndi mbali zina za Gauteng ndi KwaZulu-Natal. Kumapeto kwa 2014 akatswiri a maiko ambiri, atayerekeza DNA, fungo lokoperana ndi kukwerana kwake, anagwirizana kuti invadens ndi dorsalis ya ku Asia ndi mtundu umodzi. Dzina lakuti invadens linatha, ndipo nzeru zonse za ku Asia ndi ku Hawaii zolimbana ndi dorsalis zinakhala zathunso.

Kwa Ceratitis rosa zinayenda mosemphana. Mtundu umenewu unalembedwa mu 1887 kuchokera ku Delagoa Bay, kumene lero ndi ku Maputo, ndipo kwa zaka zoposa 100 unkatengedwa ngati umodzi. Kafukufuku wa DNA anasonyeza kuti muli magulu awiri, ndipo mu 2016 Marc De Meyer ndi Massimiliano Virgilio a ku Royal Museum for Central Africa ku Tervuren, pamodzi ndi Maulid Mwatawala wa ku Sokoine University of Agriculture ku Morogoro, analemba gulu lachiwirilo ngati mtundu pawokha, Ceratitis quilicii, pokumbukira Serge Quilici amene anagwira ntchito pa chilumba cha Réunion. Rosa yeniyeni imakonda madera otsika ndi otentha, pamene quilicii imapirira kuzizira. M'mapiri a Uluguru ku Tanzania rosa imachuluka m'munsi, quilicii pamwamba. Ku South Africa quilicii ndiyo yofala m'madera ambiri, rosa ili chakumpoto cha kum'mawa kokha. Choncho mphutsi za m'mapichesi a malo okwera ngati Springs tiziyembekezera kuti ndi za quilicii kapena capitata, ndipo msampha woyenera pamenepo ndi wa trimedlure.

Zazikazi za rosa ndi quilicii sizisiyanitsika ndi maso. Zazimuna zimasiyana pa mwendo wapakati: wa rosa ndi wotambalala, wakuda ndi wa nthenga zambiri, wa quilicii ndi wowonda. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Kusiyanaku kuli ndi mtengo wake, chifukwa maiko ozizira ogula zipatso zathu amaopa kwambiri mtundu umene ungathe kukhazikika kwawo, ndipo amafuna kudziwa dzina lenileni la chimene chili m'dera lathu.

5. Banja losukulutsa poizoni

Pali banja lina limene mlangizi aliyense wakumana ndi zipatso zake, ngakhale sanalimve dzina. Limatchedwa cytochrome P450, ndipo mapuloteni ake amaphwanya poizoni m'thupi. Poyamba ntchito yake inali yoteteza kachilombo ku poizoni wa m'masamba ndi m'zipatso zosapsa. Melanogaster ili ndi majini a banjali oposa 80.

Mu 2002 kunadziwika kuti melanogaster za m'maiko ambiri zimene sizinkamva DDT zinali ndi jini limodzi la banjali, Cyp6g1, logwira ntchito mopitirira muyeso. Pambuyo pake kunapezeka kuti mwa zambiri jinili linabwerezedwanso, ndipo kusamva mankhwala kunkakulirakulira. Mbale wake simulans anafika pa yankho lofanana payekha, kudzera m'jini lomwelo. Apa kusintha sikunadikire zaka miliyoni. Kunachitika m'zaka makumi ochepa, chifukwa mankhwala ankapha zofooka zonse n'kusiya zolimba kuti ziswane.

Anzathu a zaumoyo akuidziwa nkhani imeneyi. Udzudzu wa Anopheles funestus wa kumwera kwa Mozambique unaleka kumva mankhwala a gulu la pyrethroid, malungo anabuka ku KwaZulu-Natal, ndipo mu 2000 South Africa inabwerera ku DDT popopera m'nyumba. Chimene chinalimbitsa udzudzuwo ndi majini awiri apachibale, CYP6P9a ndi CYP6P9b, obadwa mwa kubwereza, ndipo lero ndi ofala mwa udzudzu wa ku Malawi ndi ku Zambia.

Ntchentche za m'munda zikuyenda njira yomweyo. Ku Spain, atapopera malathion kwa zaka zambiri m'minda ya malalanje, mu 2007 kunalengezedwa kuti capitata yaleka kumva. Kenaka kunapezekanso zosamva lambda-cyhalothrin, ndipo mwa izo jini la P450 lotchedwa CYP6A51 linali kugwira ntchito mopitirira. Ku Hawaii ndi ku Taiwan ntchentche ya maungu inayamba kusamva spinosad, mankhwala omwe ali mu nyambo ya GF-120. Choopsa china n'chakuti puloteni imodzi ya P450 ikhoza kuphwanya mankhwala a magulu angapo, motero kusintha dzina la pa botolo sikukwanira.

6. Zoyenera kuchita alangizi

*Dziwani mtundu musanalangize.* Pachikani misampha ya nyambo zosiyana m'munda umodzi, yotalikirana, pa msinkhu wa mita imodzi ndi theka kapena awiri, mu mthunzi wa masamba. Musagwire nyambo ziwiri ndi manja osasamba, kuopa kusakaniza fungo. Onani misampha sabata iliyonse, ndipo gawani chiwerengero cha ntchentche ndi chiwerengero cha misampha ndi masiku, kuti malipoti a maiko athu athe kuyerekezedwa.

*Funsani chipatso chenicheni.* Msampha umanena za zimene zikuuluka, osati zimene zili m'chipatso. Ikani zipatso zoboola pa mchenga wouma m'chidebe, phimbani ndi nsalu yopyapyala, ndipo m'masabata awiri kufikira anayi ntchentche zidzatuluka. Zipatseni madzi ndi shuga masiku angapo kuti mawanga akhwime.

*Tumizani zitsanzo zabwino.* Sungani ntchentche mu spiriti wa 70 pa 100 ngati n'zoyang'ana ndi maso, kapena wa 95 pa 100 ngati n'za DNA. Musasiye zazimuna, ndipo samalani miyendo. Lembani ndi pensulo malo, tsiku, chipatso, nyambo ndi kukwera kwa malowo. Ku Malawi tumizani ku Bvumbwe kapena ku Chitedze, ku Zambia ku Mount Makulu, ku Mozambique ku IIAM. Malo monga icipe ku Nairobi ndi Citrus Research International ku Mbombela ali ndi luso lalikulu pa ntchitoyi.

*Tolani zipatso zogwa.* Kawiri kapena katatu pa sabata, zikwirireni m'dzenje lakuya theka la mita, kapena zimangeni m'thumba lakuda la pulasitiki n'kuliika padzuwa. Njira imeneyi imapha mitundu yonse, ndipo palibe jini lopirira dzenje. Musaiwale magwafa, mfula ndi masuku a m'mbali mwa munda, ngakhalenso mulu wa zipatso zotayidwa kuseri kwa msika.

*Chepetsani mankhwala.* Gwiritsani ntchito nyambo ya puloteni yothira pa masamba ochepa m'malo mopopera mtengo wonse, kuti mavu ang'onoang'ono odya mazira ndi mphutsi, monga Fopius arisanus, apulumuke. Sinthanitsani magulu a mankhwala, osati maina chabe. Musachepetse kapena kuonjezera muyeso wolembedwa. Mankhwala akalephera pamene anathiridwa bwino, dziwitsani a kafukufuku msanga.

*Gwirani ntchito ndi mudzi wonse.* Ntchentche siidziwa malire a munda. Nyambo ya methyl eugenol imathandiza ikaikidwa m'dera lonse nthawi imodzi, mango asanayambe kukhwima. Mutu umodzi susenza denga.

*Samalani za pa chipata.* Mango awiri a m'chikwama cha wapaulendo wodutsa pa Mwanza, pa Mchinji kapena pa Beitbridge akhoza kunyamula mtundu watsopano, kapena ntchentche za mtundu wakale zokhala ndi majini osamva mankhwala. Ku South Africa lamulo limapatsa boma mphamvu yoletsa kusamutsa zipatso kuchoka m'dera logwidwa popanda chilolezo. Fotokozerani amalonda ndi abale opita ku Joni chifukwa chake.

Mwachidule

Majini amabadwa mwa kubwerezedwa, amasintha ntchito, ndipo ena amafa. Mitundu yapachibale imakhala ndi mabanja a majini ofanana koma osiyana kukula ndi ntchito. M'banja la Or kusiyanaku kumasankha chipatso chimene ntchentche itsate ndi nyambo imene ingaikole. M'banja la P450 kumasankha ngati mankhwala aphe kapena alephere, ndipo pamenepa dzanja lathu lomwe likhoza kufulumizitsa kusintha. Mlimi wa ku Dedza, wa ku Angónia kapena wa ku Springs amene wagula nyambo yolakwika wataya ndalama ndi zokolola zomwe, ndipo mawa sadzamveranso mlangizi. N'chifukwa chake ntchito iyambe ndi kudziwa dzina la ntchentche.

Mafunso okambirana

1. Tchulani njira zinayi zimene jini lobwerezedwa lingatsate, ndipo perekani chitsanzo cha ziwiri mwa izo kuchokera m'phunziroli.
2. Mlimi wa maungu wapachika cuelure, msampha ulibe kanthu, koma maungu akuwola. Mungamuuze chiyani, ndipo mungatsimikize bwanji?
3. M'dera lanu, ndi zipatso ziti za kutchire zimene zimasunga ntchentche pamene mango atha?
4. Ndi magulu angati a mankhwala amene alimi a zipatso a kwanu agwiritsa ntchito m'zaka zitatu zapitazi?